Sofa ya Amayi

Ndinakumana ndi Leobardo pamsika wa zinthu zakale, Lamlungu lina kuno ku Puebla. Tonse awiri tinagwira nyale imodzi, ya mtundu wa lalanje, mutu wake ngati bowa.

"Asisi, ndayamba ndine kuiona," iye anatero.

"Kuona si kugula, achimwene. Chotsani dzanja."

Anaseka, koma dzanja osachotsa. "Mukuidziwa n'komwe nyale imeneyi?"

"Ndi ija imakhala pafupi ndi foni mu sewero la pa TV lija, la telala ndi apongozi ake olongolola."

Anzanga, mnyamata anangoti kukamwa yasa. Nyale ndinagula ndine, iye n'kundigulira chimanga cha tchizi ndi tsabola. Nkhani inayambira pamenepo.

Sewero limeneli ndi lakale, la m'zaka za m'ma 1970, koma amalibwerezabe masana. Mayi anga ankalikonda koopsa. Ankaonera atakhala pa sofa yawo ya maluwa ofiirira, yomwe sanaichotsepo pulasitiki chiigulire, ine ndili pambali pawo miyendo itamatirira ku pulasitikiyo ndi thukuta. Atamwalira chaka chatha, ndinaganiza zokonza pabalaza kuti pafanane ndi pa sewerolo. Anthu amalira mosiyana. Kulira kwanga kunali kumeneko.

Leobardo pa zimenezi anali katundu. Ankaimitsa sewerolo pa foni n'kukulitsa chithunzi mpaka kuona ulusi wa pa khushoni. Tinapezera limodzi wotchi ya pakhoma, foni yoimba mozunguza chala, ndi makatani a mikanda. Tsiku lopachika makataniwo ndi lomwe anandifunsira, ali pamakwerero, msomali uli kukamwa.

"Citlali, ndiwe wekha amene sunandinenepo kuti ndine wamisala."

"Kungoti sindinanene mokweza."

Ndinamulola. Inu nomwe munkaona zithunzi zathu pano pa intaneti, ena mpaka kumafunsa tsiku la ukwati.

Mkangano wathu woyamba unali wa penti. Ine khoma ndinalipaka wobiriwira.

"Khoma lija ndi lachikasu," anatero Leobardo.

"Ndi lobiriwira. Ndakula ndikuliona."

Anandionetsa pa foni. Linalidi lachikasu. TV ya amayi ndiyo inali yodwala, chilichonse inkachionetsa chobiriwira, ndi nkhope za anthu zomwe.

"Ndiye tikonze," anatero.

"Ayi. Ine ndikufuna momwe tinkaonera ifeyo."

"Komatu ndi zolakwika."

"Zisiye zilakwike."

Maso ake anagwera pa sofa. "Nayonso iyi... ya mu sewero ija ndi ya mizeremizere."

"Leo, ndimvere bwino. China chilichonse m'nyumba muno gwira. Sofa iyi usaikhudze."

"Ndamva," anatero.

Ndinkayesa wamvadi.

Mwezi watha azakhali anga a Chabela anadwala ku Atlixco. Ndinapita kukawadwazika, makiyi n'kumusiyira Leobardo kuti azithirira maluwa. Ankandiimbira foni tsiku ndi tsiku, mawu ali nyamunyamu ndi chimwemwe. Ine ndinkangoti ndi chikondi.

Pobwerako ndinamupeza pakhomo, atavala shati ya kolala yaikulu ngati ya telala uja.

"Tseka maso, ndili ndi surprise."

Nditatsegula ndinaona khoma lachikasu ndi sofa ya mizeremizere. Zonse ndendende ngati pa sewero. Sindinama, ntchito inali yabwino.

"Sofa ya amayi ili kuti?"

"Ndi yomweyi! Ndinaipititsa kwa wokonza mipando. Nsaluyi ndachita kukaipeza ku likulu, Citlali. Wasintha ndi siponji yomwe, inali italowa mkati mbali imodzi."

Ndinakhala pasofapo, cha kumanzere. Mbali yolowa mkatiyo ndi pomwe mayi anga ankakhala moyo wanga wonse. Panali kadzenje kolingana ndi thupi lawo, ndipo ndikaweruka kuntchito ndinkafikira momwemo. Tsopano panali poti gwa, ngati mpando wodikirira ku banki.

"Nanga nsalu yakale?"

"Anataya... inali yong'ambika kunsi. Bwanji, sunasangalale?"

"Ndinakuuza chiyani ine?"

"Unanena, inde, koma ndinadziwa kuti ukadzaona..."

"Bweretsa makiyi anga."

Analira, anapepesa, mpaka lero amatumiza mauthenga. Sanandinyenge ndi mkazi wina, sanandibere kanthu. Azakhali a Chabela akuti ndikutaya mwamuna wabwino chifukwa cha mpando, amuna a masiku ano ndi angati odziwa kugwira hamala? Mwina akunena zoona. Koma ine ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, iye n'kuyankha kuti wamva, kenako n'kudikira kuti ndichoke. Chimene chimandiwawa n'chimenecho, ndipo chimandiwawa kwambiri.

Anzanga, munthu amene amati akudziwa zofuna zako kuposa iwe mwini, usamusiyire makiyi.

Nditamulanda makiyi, m'mawa mwake ndinapita kwa wokonza mipando uja kukafuna nsalu yakale ija. Anandiuza kuti galimoto ya zinyalala inadutsa kalekale.

Pabalaza panga pano ndi pokongola zedi, aliyense wobwera amatulutsa foni kujambula. Ine ndimadyera kukhitchini.