Madzi Amene Ndinawamana

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa athu. Ankaidziwa ndi mkazi wanga yekha, ndipo anapita nayo kumanda osaitchulanso.

Zaka zimenezo tinkakhala ku Zingwangwa, m'kanyumba ka zidina kamene ndinamanga ndekha. Ntchito yanga inali yokhoma zidebe ndi mbaula kuseri kwa msika. Kusukulu sindinapondeko ndili mwana. Kuwerenga ndinakudziwa ndili kale ndi ana atatu, ndipo amene anandiphunzitsa anali aneba athu, bambo wosoka nsapato, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Loweruka masana ankandikhazika pabenchi yawo n'kutsegula Mawu a Mulungu, chala chawo chakuda ndi phula chikuyenda pansi pa zilembo.

"Achimwene, mutu wanuwu ndi wouma ngati malata mumakhomawo," ankatero akuseka. "Koma nanga malata sapindika?"

Iwo ndi akazi awo ankapemphera mpingo umene sunkalola kugula khadi la chipani. Masiku amenewo wopanda khadi sankalowa mumsika, basi sankakwera. Kwathu aliyense anali nalo, ndi mwana wa kubere yemwe. Koma mantha sanandichoke. Mnzanga wina wa kumsika anatengedwa chifukwa cha mawu amene analankhula pa mowa, ndipo sitinamuonenso. Kutchalitchi ndinkapita Lamlungu lililonse, ndinkaimba nawo kuti Mulungu amateteza anthu ake, koma mumtima ndinkaona ngati pemphero lokha n'losakwanira.

Ndiye tsiku lina ndinapita kwa sing'anga ku Bangwe, mkazi wanga osadziwa. Anandipatsa kanyanga kokulunga m'nsanza yakuda kuti ndikakwirire pakhomo, pamene timaponda polowa. Anandipatsanso lamulo. "Munthu amene tsoka likumuthamangitsa akafika pakhomo pako, usampatse madzi, moto kapena mchere. Akangolandira, tsoka lake latsala kwa iwe."

Aneba anga anaona dothi latsopano pakhomopo.

"Mwabzala chiyani apa, achimwene?"

"Chiswe chinkatuluka," ndinayankha.

Anandiyang'ana nthawi ndithu. "Mlonda wokwiriridwa pansi angalondere ndani? Wangatu sagona."

Ndinaseka, koma kuyambira tsiku limenelo maphunziro a Loweruka ndinayamba kuwazemba.

Linali Lachisanu, nyengo ya dzuwa, mvula isanayambe. Ndili pantchito ndinamva kuti anyamata a chipani ali kwathu. Pofika ndinapeza atachoka kale. Nyumba ya aneba inali yosasulidwa denga, zipangizo zawo zosokera zili m'ngalande. Anyamatawo anali atawamenya anebawo n'kuwauza kuti dzuwa lisawalowere m'deralo. Zitseko za anthu onse mumzere wathu zinali zotseka, ndipo ine ndinalowa n'kutseka changa.

Sipanapite nthawi, ndinamva odi. Anali aneba aja, mlomo utang'ambika, diso limodzi litatupa. Akazi awo anali pambuyo, kamtolo pamutu.

"Achimwene, ife tikupita. Mutigawireko madzi, amayiwa akumva chizungulire."

Mkazi wanga anali atatunga kale mumtsuko. Akudutsa pambali panga ndi kapu, ndinamugwira padzanja. Ndinaima pamwamba penipeni pa kanyanga kaja. Mumtima mwanga munali mawu awiri, ndipo onse ndinawamva bwinobwino. Ena ankati, wapatse, Mulungu akuona ndipo adzakusunga. Ena ankati, uli ndi ana atatu. Sindinganame kuti ndinasokonezeka. Ndinasankha.

"Madzi atithera," ndinatero. Kapu inali ikudontheza pamapazi anga.

"Abambo, mwatani kodi?" mkazi wanga anafunsa. "Madzi enieniwa?"

"Lowa m'nyumba iwe."

Bambo aja anayang'ana kapu, kenako anayang'ana pansi pamene ndinaima. Sanakwiye. Bola akanakwiya.

"Musavutike, achimwene. Amene watisunga mpaka lero akudziwa kumene tikamwere. Ife atimenya thupi lokha. Inu ndiye ndizikupemphererani." Atatembenuka anawonjeza kuti, "Kuwerenga kuja musasiye, munali mutayamba kukhoza."

Anatsika ndi njira ya kumsewu, iwo patsogolo akutsimphina, akazi awo pambuyo. Ena anadzati anawaona ku Limbe, ena anati anthu a mpingo wawo ankalowera ku Mulanje n'kuoloka malire. Zoona zake sindikuzidziwa mpaka lero.

Ine sindinamangidwepo. Ana anga anakula onse. Kwa zaka zambiri ndinkati ndi mphamvu ya kanyanga, ndipo ndinkakaponda tsiku ndi tsiku, ngakhale popita kutchalitchi. Tsiku limene ndinakafukula ndinapeza nsanza itaola, m'kati muli dothi ndi nyerere. Chimenecho ndiye ndinamanira anthu madzi.

Pano ndakalamba. Kumpingo amanditcha mkulu, ndipo anthu amabwera kuti ndiwapempherere akamalota zoopsa kapena akamaopa afiti. Ndimawapempherera ndi mtima wonse, chifukwa tsopano ndikudziwa kuti woteteza ndi Mulungu yekha. Koma akamanena za nkhondo ya mizimu, iwo amaganiza za zinthu zouluka. Yanga inabwera masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo inali ya kapu imodzi ya madzi. Amene anapambana ndi amene anachoka akutsimphina. Ndinapempha chikhululukiro kwa Mulungu ndipo ndimakhulupirira kuti anandimva. Kwa bambo aja ndiye sindinapeze mpata.

Madzulo a Lachisanu lija mkazi wanga anandiikira chakudya osandiyang'ana. Kapu ija anaisiya pakhonde ndi madzi ake, ndipo palibe anaikhudza.

M'mawa mwake ndinatenga chidebe chatsopano chimene ndinkati ndikagulitse, ndinakatunga madzi pampopi n'kupita nawo kunyumba yopanda denga ija. Mwina ndinkaganiza kuti abwerera kudzatenga kanthu. Ndinapeza anthu akuzula mafelemu a mawindo, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndikufuna benchi. Ndinangomudutsa. Kuseri kwa nyumba kunali kadimba ka mpiru kamene amayi aja ankathirira m'mawa uliwonse, masamba atayamba kufota. Ndinathirira mzere ndi mzere mpaka chidebe chinatha, kenako ndinapita kuntchito.