Mboni ya Khadi Lonyowa

Tsiku limenelo ndinkachapa matewera pakhomo. Tinkakhala m'nyumba za malata chakufupi ndi Embakasi, zogundana khoma ndi khoma. Ku Nairobi ndinapita ndili mtsikana, kukalera ana a banja lina la ku Malawi ku Parklands. Ndinakwatiwa ndi telala wa komweko. Tinali ndi ana awiri, Tadala ndi wakhanda.

Zisankho zinali zitangotha. Kunabwera anyamata ndi zikwanje, akufunsa nyumba za anthu a mtundu wa amuna anga. Sankatidziwa. Mayi a Joyce, a khomo loyandikana ndi lathu, anali ataima pampopi. Sanayankhule. Analoza chitseko chathu ndi mlomo. Ndinaona ndi maso angawa.

Bambo a Tadala anakanula lata lakumbuyo n'kutikankhira panja. Anati atipeza. Ndinatenga jumbo ya mapepala: pasipoti, kalata ya ukwati, makhadi a sikelo. Nsapato sindinatenge.

Tinathawira m'ngalande. Madzi ake anali akuda, ndipo Tadala ankamulekeza m'chiuno. Kumbuyo kwathu malata ankathetheka ndi moto.

Tinafika pabwalo la tchalitchi china. Anatilemba maina n'kutipatsa khadi la chakudya, lachikasu, la katoni. Ukalandira ufa ndi nyemba, ankaboola pakhadipo. Wopanda khadi sankalandira.

Kenako kunagwa mvula yamphamvu, n'kulowa m'matenti amene tinkagonamo. Musaganize kuti ndinali wosasamala. Mapepala ndinawabisa m'bulauzi, jumbo ija ndinafunditsa mwana. Khadi linali pamfundo ya chitenje. Pomasula, dzina ndi nambala zinali zitasungunuka.

Nditapita nalo kolandirira chakudya, kalaliki wa patebulo analitembenuza, n'kundibwezera.

"Mama, bwerani ndi munthu wa kumene munkakhala. Achitire umboni, adinde chala."

Ndinamuonetsa pasipoti. Anati si mboni. Ndinamuonetsa kalata ya ukwati. Anati si mboni. Tsiku logawa ufa linadutsa ife tikungoyang'ana. Tadala anayamba kukomba mapoto a eni. Mkaka wanga unayamba kuchepa.

Ndinayenda tenti ndi tenti kufunafuna nkhope ya kwathu. Ndinaipeza imodzi. Anali mayi a Joyce. Moto uja sunaime pakhoma lathu. Unadya nyumba yawonso ndi mzere wonse. Nalo khadi lawo linali litanyowa.

Anandiyandikira akuyang'ana pansi.

"Mayi a Tadala, tithandizane. Ine ndikudindirani, inu mundidindire."

"Yambani inuyo," ndinatero.

Tinaima pamzere limodzi. Titafika patebulo, mayi a Joyce anatchula dzina langa, la amuna anga ndi a ana anga, osaphonya n'limodzi lomwe. Ankatidziwa bwino. Anadinda chala.

Kalaliki analemba khadi latsopano. Ndinaliwerenga lonse. Anali atalakwitsa dzina langa, ndipo ndinamuuza kuti akonze. Lakale lija anafuna kulitaya m'katoni. Ndinati alikhwatche koma andibwezere, popeza ndi langa. Anandibwezera. Onse awiri ndinawaika m'bulauzi.

Kenako kalaliki analoza mayi a Joyce.

"Nanga awa mukuwadziwa?"

Mayiwo anali atatambasula kale dzanja ndi khadi lawo lofewa. Chala chawo chinali chikadali ndi inki.

"Nkhopeyi ndinaiona pampopi, ikulozera anyamata chitseko changa," ndinatero. "Amuna anga anali m'kati. Chala changa sichidindira munthu ameneyu."

Ndinanena mokweza, m'Chiswahili changa chopindika, kuti mzere wonse umve. Amayi amene anali kumbuyo kwawo anasuntha. Palibe anawamenya. Panangotseguka malo mowazungulira. Kalaliki anatseka kabokosi ka inki.

Madzulo ake ndinalandira ufa. Ndinaphika phala, Tadala anadya mpaka kugona supuni ili m'manja. Mayi a Joyce anakhala kumpanda, osayatsa moto. Ndinawayang'ana ndikudya. M'mawa mwake anali atachoka.

Patapita nthawi, abwana anga akale anatipeza n'kutitumizira galimoto. Ku Parklands kunali zii, mashopu otsegula, ngati mumzindamo simunachitike kanthu. Anatilipirira basi yobwerera ku Malawi.

Ana onse awiri ndinafika nawo amoyo. Bambo awo sanapezeke, ndipo manda awo sindiwadziwa. Anzanga a kutchalitchi amandiuza kuti ndikhululuke, amati mayi uja nayenso anagona ndi njala. Ndimawayankha kuti inde, anagona nayo. Koma iye anadzuka.