Dzina la pa Matumba a Che Amidu

Ndisanafotokoze kanthu, ndiyamike Mulungu amene wandisunga ndi mpweya mpaka lero, amenenso sanandilande ntchitoyi pa nthawi imene ine ndinafuna kuitaya ndekha. Achinyamata ambiri amandifunsa za bizinesi yosungira anthu mawebusayiti, ndipo ndaona kuti ndikamawauza zokoma zokhazokha ndikuwanamiza. Nkhani iyi siikoma kuikumbukira, koma ndi imene inandiphunzitsa ntchito.

Kwathu ndi m'mbali mwa sikimu ya mpunga ya Likangala. Nditamaliza sukulu ndinapita ku Songani kukagwira ntchito yotaipa ndi kupanga fotokope pa shopu ya a Chikopa, bambo amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Iwowa ndi amene anandionetsa ntchito ya mawebusayiti. Ankati n'chimodzimodzi kuoda matemba pa doko n'kukagulitsa pa timilu. Umabwereka malo aakulu pa seva, yomwe ndi kompyuta yaikulu ya kunja imene siizima usana ndi usiku, ndipo malowo umawadula timagawo n'kumabwereketsa kwa anthu. Kasitomala akabwera umamutsegulira akaunti mu panelo yako, yomwe ndi tsamba loyendetsera malo ako pa seva, kumupimira malo, kumupangira imelo, kuika chiphaso cha chitetezo kuti kachizindikiro ka loko kazioneka pa adiresi ya webusayiti, ndipo sabata iliyonse umakopera mafayilo ake pa diski yako kuti seva ikavuta usagwire mutu.

Koma pali chinthu china chimene sichikhala mu panelo yako, ndicho dzina la webusayiti, limene timati domeni. Limagulidwa ku kampani yolembetsa mayina, ndipo chaka chikatha umayenera kulipiranso. Ukachedwa amalitseka, amakudikira pang'ono, kenako amalitaya pa msika kuti aliyense agule. A Chikopa ankati: "Seva ndi nyumba, dzina ndi njira yofikira pakhomo. Njira ikatsekeka, sesa nyumbayo mmene ungasesere, palibe adzalowe." Anandipatsanso lamulo limodzi. "Dzina la kasitomala lizikhala m'manja mwa kasitomala. Ukalembetsa m'dzina lako, tsiku limene mudzakangane adzakutcha wakuba."

A Chikopa atasamukira ku Lilongwe ndinabwerera kwathu ndi laputopu yakale, sola imodzi, batire ya galimoto ndi foni yokokera intaneti. Ndinatsegula akaunti yanga yoodera malo, ndinapemphera, ndipo kwa nthawi yaitali sindinapeze kasitomala ngakhale mmodzi. Anthu ankandifunsa ngati ndimalowetsa nyimbo mu memore.

Kasitomala wanga woyamba anali Che Amidu, Msilamu wa zaka zofanana ndi bambo anga, mwini chigayo cha mpunga kufupi ndi sikimu. Ankagula mpunga kwa alimi, kupuntha, kupeta, n'kulongedza m'timatumba toyera. Anatopa ndi mavenda omuikira mtengo pakhomo pake, ndipo ankafuna kuti masitolo a ku Blantyre ndi Lilongwe azimupeza okha. Ankanditchula Abusa ngakhale sindine m'busa, chifukwa ankandipeza nthawi zonse Baibulo lili pambali pa laputopu.

"Abusa, ndamva kuti mumagulitsa malo mu mlengalenga. Kodi a kumwamba aja mwayamba kudula mapuloti?"

Ndinawapangira webusayiti ya masamba ochepa: zithunzi za mpunga, za chigayo, ndi poti munthu alembe oda yake. Maoda ankafika pa imelo, imelo n'kulowa mu foni yawo. Pa nkhani ya dzina ndinatsata lamulo la a Chikopa. Tinatsegula akaunti ku kampani yolembetsa mayina m'dzina lawo, ndi nambala ya foni yawo. Pasiwedi ndinkaidziwa, koma polowa pankafunikanso kanambala kachinsinsi kamene kampaniyo imatumiza pa meseji ku foni ya mwini wake. Che Amidu anasangalala nazo. "Munda wanga sulembedwa m'dzina la mnansi, ngakhale mnansiyo akhale wopemphera," anatero.

Mulungu anadalitsa ntchitoyo. Sitolo ina yaikulu ya ku Blantyre inayamba kutenga mpunga mwezi ndi mwezi, ena ang'onoang'ono n'kutsatira. Kudzera mwa iwo ndinapeza makasitomala ena, sukulu ya mkaka ndi gulu la amayi osoka. Chaka chitatha, uthenga wokumbutsa za dzina unafika pa foni yawo, ndipo anabwera pa njinga. "Abusa, azungu anu aja ayamba kulira." Tinalowa, kanambala kanafika, tinalipira, tinamwa tiyi. Ndinaona ngati zizidzayenda choncho chaka chilichonse, ngati kuti munthu amadziwa za mawa. Chaka chotsatira anaoda ku fakitale matumba ochuluka, mabelo odzaza chipinda, onse osindikizidwa dzina la webusayiti, imelo ndi nambala ya foni yawo.

Mabelowo asanawamasule bwino, Che Amidu anadwala mwadzidzidzi ndipo anamwalira. Anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo. Ndinapita kumaliro, ndinalira monga mwana. Akazi awo, Abiti Jafali, analowa mu eda, nyengo ya miyezi ingapo imene mkazi wamasiye wa Chisilamu amabindikira pakhomo, osayendayenda ndiponso osacheza ndi amuna omwe si abale ake. Chigayo chinkayendetsedwa ndi antchito, mpunga n'kumagulitsidwa kwa mavenda monga kale.

Ndinkadutsa pa njira ya pakhomo pawo popita kutchalitchi. Nkhani ya dzina inkandibwerera m'maganizo, pakuti ndinkadziwa kuti nyengo yake ili kutsogolo kuno. Koma ndinkadziuza kuti si ulemu mwamuna wa mpingo wina kukagogoda pa nyumba ya eda ndi nkhani za bizinesi. Ndinkati pali nthawi yolira ndi nthawi yolankhula, ndidikire atuluke. Ndikatsegula panelo yanga zonse zinkaoneka zobiriwira: seva ikuyenda, mafayilo alipo, kope lasungidwa. Nyumba inali yosesa bwino.

Eda itatha, Abiti Jafali anabwera okha kwathu atanyamula thumba limodzi lopanda kanthu. Anakhala pa mkeka ndi mayi a kunyumba kwanga, ine pa mpando chapatali.

"Bambo, ine ndimayesa anthu a ku Blantyre anatitaya chifukwa mwini wake anapita. Koma dzulo kwadutsa dalaivala wawo. Akuti akalemba kalata imabwerera, akaimba foni siilowa, akatsegula dzina ili sapeza kanthu. Akuti bwana wawo akuyesa chigayo chinatsekedwa. Tandionereni."

Ndinalemba dzinalo pa laputopu, ndipo panatuluka tsamba loyera. Nditafufuza ndinapeza kuti linatsekedwa kalekale, ndipo linali m'chigawo chomaliza chodikira mwini wake. Kuliombola kunali kothekabe, koma masiku anali otsala ochepa. Ndinayesa kulowa mu akaunti. Pasiwedi inalola, kenako panabwera mawu ofunsa kanambala kotumizidwa ku foni.

"Amayi, foni ya malemu ili kuti?"

"Inapita pa sadaka. Katundu wawo anagawana abale. Foni anatenga Twaibu, mwana wa mlongo wawo, wa ku chilumba cha Chisi."

M'mawa mwake ndinakwera njinga ya moto mpaka pa doko la Kachulu, laputopu ili m'chikwama nditaikulunga mu jumbo. Chaka chimenecho madzi a m'nyanja anali atatsika. Boti ya injini inkayenda pang'ono n'kutitimira m'matope, amuna n'kutsika kukakankha, ine ndemwe, chikwama chili pamutu. Njira yonse ndinkapemphera chamumtima. Ndinkakumbutsa Ambuye kuti Iwo ndiwo mtetezi wa akazi amasiye, ngati kuti Iwo ndi amene anaiwala.

Twaibu ndinamupeza pa doko la ku Chisi akuyanika matemba. Anali bambo wa banja lake, wamanja olimba. Foni inali m'thumba mwake, ndinaizindikira ndi galasi long'aluka pakona. Ndinathokoza Mulungu. Koma nditafotokoza, anayang'ana pansi.

"Achimwene, foni ndi yomweyi, koma simu si imeneyo. Ija ndinachotsa."

"Munachotseranji?"

"Ndikangowolokera kumtunda, inkangolira. Aliyense, 'Che Amidu alipo?' Ine ndiziti chiyani? Ndinauza wina kuti amjomba anagona, iye akuti, 'Adzutseni, ndi za mpunga.' Ine sindinadye tsiku limenelo. Ndinati basi, aleke kuwaitana, apume."

"Munaitaya?"

"Kutaya chinthu cha amjomba? Mukundiyesa galu ine?"

Anandipititsa kwake. Simu anaisunga m'kabotolo ka mankhwala, ataikulunga m'kansalu koyera, pamwamba pa khoma. Koma m'mudzimo netiweki siigwira, choncho tinakwera phiri dzuwa lili paliwombo, iye patsogolo ine pambuyo, matope atauma m'miyendo. Pamwamba pali mwala umene anthu amaimapo akafuna kuimba foni. Ndinayala laputopu pamenepo, ndinailumikiza ku foni yanga, ndinalowa mpaka pofunsa kanambala paja. Twaibu anaika simu ya malemu mu foni, anati bisimila, n'kuyatsa.

Sinagwire. Tinazimitsa, kupukuta simu ndi malaya, kuyatsanso. Tinasinthira mu foni yanga. Twaibu anakwera pamwamba penipeni pa mwala atatukula dzanja. Titabwezeramo simu yake ya iye mwini inagwira pompo, mizere yonse. Pamenepo ndinadziwa. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya mafoni imaitseka. Nambala ya Che Amidu inali itawatsatira.

Twaibu anakhala pansi. "Ndiye kuti ndawapha kawiri amjomba?"

"Ayi, achimwene. Inu munawachitira ulemu."

Sindinamuuze kuti inenso ndinachita ulemu womwewo. Tinakhala pa mwalapo, kumtunda kukuoneka minda ya ku Likangala. Laputopu inkadikirabe kanambala mpaka batire inatha.

Zotsatira zake ndifotokoza mwachidule. Ku shopu ya kampani ya mafoni ku Zomba anati nambala amabwezera mwini wake yekha, abwere ndi chiphaso chake cha unzika. Kampani yolembetsa mayina inandiyankha mwaulemu kuti itha kuthandiza ikaona kalata yotsimikiza imfa ndi umboni wa wolowa m'malo. Che Amidu anamwalirira pakhomo ndi kuikidwa tsiku lomwelo, kalata yotero panalibe. Tinayamba kuiyendera, koma mapepala ali ndi liwiro lawo. Pamene kalatayo inkatuluka, dzina linali litatayidwa pa msika. Ndinalidikirira kuti ndiligule, koma kunja kuli makompyuta amene ntchito yawo ndi kutola mayina otayidwa asanagwe n'komwe pansi. Tsiku lina m'mawa ndinalemba dzina la Che Amidu, ndipo panatuluka tsamba la juga ya mpira, la zithunzi zimene sindingazifotokoze. Munthu amene sanaphonyepo swala ya Lachisanu, dzina lake likuitanira anthu ku njuga.

Ndinapita kukawauza Abiti Jafali. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo sanakalipe. Patapita masiku ndinawapeza kuseri kwa chigayo ndi amayi ena awiri, mabelo aja atamasulidwa. Ankatenga thumba limodzilimodzi, kuliyala pa thabwa, n'kupaka penti yakuda pa mzere wa dzina ndi pa nambala ya foni. Matumba opakidwa anali atayanikidwa bwalo lonse. Ndinapempha bulashi, anandipatsa. Tikupaka choncho ndinawafotokozera chifukwa chimene sindinabwerere nthawi ya eda, kuti ndinkaopa kuwalakwira.

Anapaka thumba lina mpaka kumaliza, kenako anati: "Munachita bwino kusalowa, bambo. Koma mukanatuma mayi a kunyumba. Akazi amalowa."

Mawu amenewo ndimagona nawo mpaka lero. Mayi a kunyumba kwanga ankapita kumeneko kukawaona, atanyamula nkhuni ndi ufa. Kukanangotengera ine kunena kuti, mukawafunse za foni.

Abiti Jafali ndi kasitomala wangabe. Tinalembetsa dzina lina, ndipo masitolo ang'onoang'ono ena anabwerera. Yaikulu ija inali itapeza kale wina. Lamulo la a Chikopa sindinalisiye, dzina limakhalabe m'manja mwa mwini wake, koma ndinawonjezerapo langa. Sindilembetsa dzina pa foni ya munthu mmodzi. Pamakhala wachiwiri, mkazi, mwana kapena mlongo, amenenso angalandire kanambala, ndipo uthenga wokumbutsa umafikanso kwa ine. Sabata iliyonse ndimatsegula webusayiti ya kasitomala aliyense kuchokera kunja, monga mlendo wodzera pa njira, osangoyang'ana mu panelo. Ena amadabwa ndikawafunsa kuti, inu mukadzapita ndani adzatsegule? Amati ndikuwalodza. Ndimangowauza kuti moyo wathu ndi nkhungu ya m'mawa, ndipo ndinaona ndi maso anga amayi atatu akufufuta dzina la munthu wolungama ndi penti yakuda.

Inu amene mukuyamba ntchito iyi, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Akupatseni makasitomala okhulupirika, ndipo inu akupezeni okhulupirika kwa iwo, ali moyo ngakhale atapita. Pakhomo pamene simungalowe, akukumbutseni msanga amene angalowe. Ndipo mayina anu asungidwe kumene chaka sichitha, kumene palibe angawatole. Amen.