Wailesi pa Mpanda wa Apongozi

Ine kwathu ndi ku Nambuma, koma ukwati unandikokera ku Nsaru, kuchikamwini. Ndinapita ndi khasu, njinga yopanda mabuleki, ndi kawailesi kakuda komanga ndi mphira chifukwa chotsekera mabatire chinathyoka kalekale. Chuma changa chinali chomwecho basi. Anandipatsa malo kuseri kwa nyumba ya apongozi anga aakazi, ndipo pakati pathu panali mpanda wa udzu.

Apongoziwo anali munthu wachikale zedi. Anzawo a kutchalitchi anali atasiya kale zothawana ndi akamwini, koma iwo ayi. Tikakumana panjira ya kudimba ankapatukira patchire n'kugwada, nkhope atayang'ana uko, ine n'kudutsa ngati wakuba, chipewa chili m'manja. Mawu onse ankadzera mwa akazi anga. "Kawauze kuti mbuzi zawo zikundidyera mbatata." Ine ndili pomwepo, ndikumva ndi makutu angawa! Akazi anga n'kutembenuka, "Akuti mbuzi zanu." Ine n'kuyankha, "Kawauzeni kuti ndamva." Tinakhala choncho mpaka ana athu anayamba sukulu. Sikuti ankandida, ayi. Nkhuku ikaphedwa kwawo, ntchafu inkabwera kwa ine.

Pambali pa nyumba yawo panali kanyumba kena kaudzu, kotseka nthawi zonse. Kanali ka mlamu wanga, mwana wawo wamwamuna yekhayo, amene anapita ku Joni ine ndisanafike m'mudzimo. Sindinamuonepo. Poyamba ankatumiza mawu kudzera mwa anzake, kenako anangoti zii. Ena ankati anamuona kumafamu, ena ankati anadwala, ena ankati anakwatira konko n'kuiwala kwawo. Palibe amene ankadziwa zenizeni. Apongozi ankasesa m'kanyumbamo, kuzira pansi, ndipo chilimwe chilichonse ankamweta udzu. Wofolera anali achimwene awo, mwini mbumba, amene tonse tinkawatchula kuti atsibweni.

Tsono ine ndili ndi nthenda yanga, ndimakonda nkhani za ngozi zikuluzikulu. Sitima ija inagunda phiri la madzi oundana, chombo cha mumlengalenga chimene chinaphulika muli mphunzitsi, funde lija linakokolola anthu kumaiko a kutali nthawi ya Khirisimasi, sitima imene inamira panyanja yathu nthawi ya atsamunda, zonsezi ndinkazifotokoza ngati ndinalipo. Akazi anga ankandiseka. "Inu nyanja simunaioneko, ngakhale mtsinje wa Bua mumawoloka mukupemphera, koma masitima omira mukuwadziwa onse!"

Chaka china, nthawi ya chimanga chachiwisi, wailesi inalengeza kuti ndege yasowa. Inanyamuka bwinobwino usiku ndi anthu oposa mazana awiri, ikupita ku China, ndipo inangosowa. Kumtunda sinagwe, uthenga sinatumize. Maiko anatulutsa masitima ndi ndege zina kukaifuna panyanja yaikulu. Ine ndiye ndinapeza ndiwo. Nkhani za masana zikamayamba ndinkasiya fodya m'chigafa n'kuthamangira pakhonde.

Tsiku lina ndili chomvera, akazi anga anatuluka kuseri kwa mpanda akupukuta manja.

"Amayi akuti mukweze."

"Ndikweze chiyani?"

"Wailesiyo! Akuti sakumva bwino."

Ndinadabwa. Apongozi pa wailesi ankangomvera nyimbo za kwaya ndi mauthenga a maliro. Ndinakweza. Mawa lake ndinakhoma msomali pansichi ya mpanda, ndipo kawailesi kanapeza malo ake pamenepo. Nkhani zikayamba, munsi kuseri uko unkasiya kugunda mumtondo. Zikakhala za Chizungu ndinkamasulira mokweza, ndikuyang'ana akazi anga ngati ndikuuza iwo. "Amayi a ana, akuti lero afufuza chakumwera, sanapeze kanthu!" Akazi angawo ali kalikiliki kutsuka miphika. "Koma abale, ine ndasanduka mlongoti wa wailesi tsopano," ankatero.

Mafunso ankabwera kudzera mwa iwo omwewo. Kodi nyanjayo ndi yakuya bwanji? Kodi m'ndegemo munali ana? Kodi abale awo akugona kuti podikirapo? Funso lomalizali ndi limene linanditsegula m'maso. Apongozi sankasamala za ndege. Ankamvera za anthu otsala aja, amene analibe mtembo woti aulire, analibenso munthu woti amulandire.

Chilimwe chimenecho atsibweni anabwera ndi mawu. Mkamwini sakhala nawo pa nkhani zotere, ndiye ndinakhala kuchigafa, koma mpanda wa udzu subisa mawu.

"Achemwali, maondo angawa atha," anatero atsibweni. "Ndakwera padenga limeneli zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse ndimatsikapo ndi chisoni. Mwanayu ndinamulera ine, musayese kuti sizindipweteka. Koma tiyeni tivomere. Tilire maliro, timete, nyumba tigwetse monga timachitira mwini wake akatisiya."

Apongozi anati, "Achimwene, mwamva za ndege ija? Anthu aja anagwera m'madzi opanda malire, koma mpaka lero akuwafunabe. Wanga ali pamtunda, poyenda mabasi. Ndiyambe ndine kutopa? Tsiku limene iwo adzasiye kufuna, nanenso ndidzasiya kukuvutitsani."

"Mwanena nokhatu."

"Ndanena ndekha."

Atsibweni anafolera chaka chimenecho, akudandaula maondo. Kuyambira tsiku limenelo, denga la mlamu wanga linali litapachikidwa pamsomali womwe uja pamodzi ndi kawailesi kanga. Nkhani za ndegeyo zinayamba kuchepa, nthawi zina miyezi kudutsa osaitchula, ndipo ine ndinkakondwa. Kusatchulako kunkatanthauza kuti sanasiye.

Chaka chotsatira anatola chidutswa cha phiko pachilumba china, madzi atachilavula. Ndinamasulira monga mwa masiku onse. Funso linabwera.

"Akuti nanga anthu?"

"Kawauzeni kuti ndi phiko lokha."

Akazi anga sanachite kutembenuka n'komwe, chifukwa yankho linamveka lokha kuseri kwa mpanda, apongozi akuuza mwana wawo wamkaziyo. "Ndiye kuti sanawapeze." Munsi unayambanso kugunda, ndipo atsibweni anafoleranso.

Tsiku limene ndinkaliopa linafika nthawi ya dzinja, chimanga chili m'chiuno. Tinali titangoweruka kumunda, matope ali m'miyendo. Wowerenga nkhani atangoyamba kunena kuti maiko agwirizana zosiya kufuna ndege ija, dzanja langa linathamangira pansichi lokha n'kutsitsa mawu. Ndinachedwa. Munsi unali utaima kale.

"Akuti mwatsitsiranji?" anatero akazi anga. Nawonso anali atamva, ndipo wosowa ku Joni uja anali mlongo wawo.

Ndinakweza. Tinamvera tonse atatu mpaka kumapeto, awiri mbali ino, mmodzi mbali inayo. Patapita nthawi apongozi anaitana akazi anga, ndipo iwo anabwera ndi funso.

"Akuti amayi awo a anthu aja, nawonso asiya?"

"Kawauzeni kuti ayi. Wailesi yati abale akana, akuti kufunako kupitirire."

Ndinangomva mtondo ukukokedwa kulowa m'nyumba, mphale isanayere. Ndinamva chisoni chachikulu tsiku limenelo, ndipo kawailesi kanga ndinakada.

Atsibweni anali atamva pawailesi yawo. Anabwera mawa lake, osati mokondwa, anangokhala pakhonde chipewa chili pabondo. Apongozi ndi amene anayamba.

"Ndinanena ndekha, achimwene. Sindidzakuvutitsaninso. Koma kugwetsa musagwetse, ndipo tsitsi langa musalikhudze. Nyumbayo mvula idzagwetse yokha."

"Chabwino, achemwali. Palibe adzaigwetse, palibenso adzaifolere." Ananyamuka akupukuta m'maso ndi chipewa chija.

Tinakolola, fodya anapita kumsika, mphepo yozizira inayamba. Amayi a m'mudzi atayamba kupita kudambo kukamweta udzu, ndinaona apongozi nawonso akupita, chitenje chili m'chiuno, msana utawerama. Ndinati mwina ndi wa mpanda. Koma m'mawa wina ndikutuluka, ndinapeza mitolo itatsamira mpanda mbali yanga, pansi penipeni pa msomali wa wailesi. Tsiku lotsatira inawonjezekera. Linalo inawonjezekeranso.

"Amayi a ana, udzuwu akuti chiyani?"

"Sananene kanthu."

"Kafunseni."

"Ndafunsa kale. Akuti angouika."

Angouika! Nyumba yanga nthawi imeneyo inali ya malata, khola la mbuzi ndinali nditafolera kale. Mwana wamng'ono yemwe akanadziwa kumene udzuwo unkapita. Koma akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Mwini mbumba walamula kuti palibe adzafolere, ndiye ine wobwera ndi njinga yopanda mabuleki ndikwere padenga? Ndinauzungulira udzuwo sabata yathunthu ngati galu woopa fupa lotentha. Apongozi sanatumize mawu alionse. Ankangosesa m'kanyumba muja, kuwala kwa dzuwa kukulowera m'mabowo a denga.

Vuto lina linali lakuti makwerero m'mudzimo anali amodzi okha, a atsibweni omwewo. Ndinalimba mtima n'kupita. Ndinawapeza akusema mpini.

"Atsibweni, ndabwera kudzabwereka makwerero."

"Makwerero? Malata anu ayamba kudontha, eti?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anandiyang'ana, sompho ili m'manja. Kenako anapitiriza kusema.

"Ali kuseri kwa nkhokwe," anatero. "Mwendo umodzi ndi waufupi, muikepo mwala."

Ndinakwera padenga la munthu amene nkhope yake sindinaionepo. Ndinasasula udzu wowola, fumbi lili m'maso, ndikuona pansi mphasa yake yoyala bwino ndi nsapato zake zampira zili pakona. Akazi anga ndi amene ankayenera kundiponyera mitolo, koma anali atapita kuchigayo. Ndinatembenuka kuti nditsike ndikatenge ndekha, ndipo ndinaona mtolo ukukwera kale kundilonjera. Pansi pake panali apongozi. Sanagwade, sanayang'ane kumbali. Anaima pansi pa makwerero, manja ali m'mwamba, akundiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino, ndipo ndinadabwa kuti mphuno yawo ndi ya mwana wanga woyamba.

Ndinalandira mtolowo ndi manja awiri. Ndinasowa kuti ndiyang'ane kuti, ndiye ndinasuntha phazi kuti ndikwere chakumtunda.

"Mwanangu," anatero apongozi, "pondani bwino pamenepo, phasolo ndi lowola. Ndisataye awiri."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna woti ndimutume akawauze kuti ndamva. Panalibe munthu. Ndinayankha ndekha.

"Ndamva, amayi."

Anawerama n'kutola mtolo wina.