Moto wa pansi pa msawu sunali wa mkazi wanga

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa athu. Mkazi wanga ali ndi zipsera za moto m'manja monse, ndipo mudzi wonse umati anadziotcha yekha chifukwa chosasamala. Si zoona. Ndinamuotcha ndine, kenako ndinakhala chete.

Timakhala kufupi ndi Bangula, m'boma la Nsanje. Mayi a Rozina, mkazi wangayo, ankawamba milamba n'kumakagulitsa kumsika. Mwana wathu Rozina, yemwe amagwira ntchito ku Blantyre, anatisiyira kagalimoto kake kakale kuti tizinyamulira nsombazo. Patapita nthawi galimoto ija inayamba kuvuta. Inkachedwa kulira, ndipo nthawi zina inkangozima pakati pa msewu. Makaniki wa ku Nchalo atalumikiza kachipangizo kake anati yafa ndi sensa, kachitsulo kakang'ono kamene kamayeza mphamvu ya mafuta opita mu injini. Anandigulitsa yatsopano n'kunena kuti ndidikire pamzere andiikire. Ine ndinati ndikamanga ndekha kunyumba, si ndi kungomasula n'kumanga? Anayamba kundifotokozera za fyuzi ndi batire, koma ndinamudula ndi mawu akuti ndikudziwa.

Inu owerenga, sindinkadziwa kanthu. Ine sukulu ndinaiyamba imvi zitatuluka kale, ya kwacha ija, ndipo nditadziwa kuwerenga anthu a pamudzi anayamba kundipatsa ulemu umene ndinausowa moyo wonse. Ndinkaopa kuti ndikati sindikumva, ulemuwo uchoka. M'kabokosi ka sensa munali pepala la malangizo, koma la Chingerezi. Ndinalipinda n'kuliika m'thumba pamodzi ndi kabokosiko.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe, pamene kuno ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Pakhomo pathu mthunzi ulipo umodzi wokha, wa mtengo wa msawu, ndipo chilichonse chimachitikira pamenepo. Nditafika ndinaimika galimoto pansi pake. Chapafupi pomwepo mayi a Rozina anali atakoleza moto mumgolo wodula, milamba ili pawaya.

"Bambo a Rozina, bwanji osadikira ndiphule kaye nsombazi?" anatero.

Ndinawayankha kuti aliyense ayang'ane ntchito yake.

Chimene ndinadzachidziwa mochedwa n'chakuti ngakhale injini izime, petulo amakhalabe wothinana m'mapaipi. Nditangopotokola sensa yakale ndi sipanala, petulo anathovoka n'kundinyowetsa malaya ndi buluku. Ndinadzambatukira m'mbuyo, kumene kunali mgolo uja. Sindinaugunde n'komwe. Moto unangondilumphira.

Mkazi wanga sanathawe. Anavula chitenje n'kundikulunga nacho, n'kumazima malawi ndi manja ake. Ine ndinangopsa pang'ono pantchafu. Iye manja onse awiri anasupuka. Anthu pofika ndi ndowa ndi mchenga, kutsogolo kwa galimoto kunali kutatha.

Titamufikitsa kuchipatala, achibale anayamba kufunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinati ndinangotsegula boneti kuti injini ipole, monga timachitira tonse kuno kukatentha, ndiye kamphepo kanaulutsa moto wa nsomba. Aliyense anakhulupirira. Mlongo wanga anayankhula mokweza, wodwala akumva, kuti akazi ena nsomba amazikonda kuposa amuna awo. Rozina anaimba foni akulira, n'kufunsa mayi ake kuti moto pafupi ndi galimoto ankaganiza chiyani. Mkazi wanga anangondiyang'ana ali pabedi paja. Ndinayang'ana pansi.

Kanali kachiwiri. Ndili mnyamata ndinamanga molakwika bwato la bambo athu, Shire n'kulitenga. Ndinasiya mng'ono wanga akwapulidwe m'malo mwanga. Iye anakwiya, anawoloka malire pa Marka kupita ku Mozambique, ndipo mpaka pano sitidziwa ngati ali moyo. Ndinkaganiza kuti ukalamba unandichotsa mantha amenewo. Anali akungogona.

Lero zala za mayi a Rozina sizipindika bwino. Sangathe kutumbula nsomba, ndipo geni yawo inathera pomwepo. Kumpingo amayi anzawo amawatchula akamachenjeza atsikana za moto. Iwo sanandinenepo kwa munthu, ndiponso sanandifunsepo. Amandiikira madzi osamba ponyamula ndowa ndi mikono. Ndikanakonda akanandilalatira, mwina ndikanagona tulo. Ndatopa, abale anga. Thupi latopa, koma chimene chanditopetsa kwambiri n'kudya mbale imodzi ndi munthu amene akudziwa.

Inu amene mumakonza galimoto pakhomo, ndimvereni ine wopusa. Musakhudze paipi ya mafuta injini ikadali yotentha. Makaniki uja ankafuna kundiuza kuti ndichotse fyuzi ya pampu ya mafuta, ndilize injini mpaka izime yokha, kenako ndimasule waya wa batire, ndikulunge nsanza pamene ndikumasulapo. Ndipo moto uliwonse, wa mbaula kaya wa fodya, ukhale kutali, ngakhale zitanthauze kugwira ntchito padzuwa. Ngati pepala simukulimva, funsani, palibe anafa ndi kufunsa. Koma zikakulakikani, nenani tsiku lomwelo, pakuti bodza likagona usiku umodzi limamera mizu.

Ine mpata umenewo ndinali nawo. M'mawa mwake, tsiku lotsatira motowo, ndinadzuka nditatsimikiza kuti ndikanena zoona pamaso pa onse kuchipatala. Nditavala, ndinapisa m'thumba la buluku lopserera lija n'kupeza sensa yatsopano ili m'kabokosi kake, pamodzi ndi pepala la Chingerezi. Umenewu unali umboni woti ndinkakonza galimoto, osati kungotsegula boneti. Kenako ndinatenga njira ya kudooko, ndinaziponya mu Shire, n'kupita kukagulira mkazi wanga nthochi.