Kandulo Imene Amayi Violeta Ankasungira Augusto

Aliyense wolowa m'kapela yathu ya ku Chiuta amalonjeredwa ndi fungo la uchi pakhomo pomwe. Ana a masiku ano amayesa kuti ndi mmene tchalitchi chilichonse chimanunkhira, koma fungo limeneli lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo tamuika m'manda mwezi wathawu. Akuluakulu a parokiya apempha kuti moyo wa amayi Violeta ulembedwe m'kalata yathu ino, kuti adzukulu athu asadzayese kuti oyera mtima amangokhala pa zithunzi za pakhoma.

Violeta anabadwira kufupi ndi nyanja ya Chiuta nthawi ya atsamunda. Bambo ake ankafula uchi m'mphako za mitengo, sera n'kumaumba m'mibulu yokagulitsa kusitolo. Violeta sukulu sanapite nayo patali. Ntchito yake yoyamba mumpingo inali yopala madontho a makandulo pa guwa Misa ikatha. Atsikana anzake ankataya zopalazo kudzala, koma iye ankazitolera m'kachitini, n'kukazisungunula kuseri kwa nyumba, n'kuthira m'phesi la tsamba la papaya, lija la mphako m'kati. Kandulo yake yoyamba inatuluka yokhota ngati chinangwa cha pamiyala. Apadiri, wansembe wa nthawi imeneyo, ataiona sanaseke. Anaiimika pa guwa n'kuiyatsa, ndipo mtsikanayo anakhala Misa yonse akuyang'ana chinthu cha m'manja mwake chikuyaka pamaso pa Mulungu.

Atakula anakwatiwa ndi Eugénio, munthu wofatsa wokonza njinga. Ana awiri oyamba anawaika m'manda ali makanda. Wachitatu, Augusto, ndiye anakula. Anakulira m'zaka zimene wansembe ankatha nthawi yaitali osaponda kuno, mwakuti anafika paunyamata asanabatizidwe. Maphunziro a ubatizo anali atamaliza, ankangodikira tsiku loti apadiri abwere. M'malo mwa apadiri kunabwera nkhondo. Mmawa wina Augusto anatumidwa kunyanja kukagula nsomba, ndipo amfuti anamupeza panjira, anamusenzetsa katundu pamodzi ndi anyamata ena n'kulowa nawo kutchire. Tsiku lomwelo mudzi unayaka. Violeta ndi amuna awo anathawira ku Malawi, akucheukacheuka njira yonse.

Kumsasa wa othawa nkhondo Eugénio anadwala chifuwa n'kumwalira. Amayi Violeta anatsala okha. Amene anali nawo kumeneko amakumbukira kuti ankatungira madzi odwala ndi kusambitsa maliro a anthu opanda abale, ndipo sanamvekepo akudandaula. Koma galimoto iliyonse yobweretsa othawa atsopano inkawapeza ataima pafupi, akuyang'ana nkhope za anyamata mmodzimmodzi.

Mtendere utabwera, anawoloka malire pa Entre Lagos ndi mtolo umodzi pamutu. Mudzi anaupeza uli tchire. Kapela inali chilili, denga litatsala theka, koma munthu sakanalowamo, chifukwa njuchi zinali zitamanga m'kabati ya pansi pa guwa, mmene kale munkakhala zovala za Misa. Amuna anamanga miuni ya udzu monga mmene timafulira kuno, kuti azitenthe zithe. Amayi Violeta anaima pakhomo.

"Abambo inu, nyumba iyi moto sinakhute nawo kodi?" anafunsa. "Ife titathawa, izi ndi zimene zinatsala zikulonda. Lero malipiro ake akhale lawi?"

"Nanga tizipemphera zikutiluma, amayi?" anayankha katekisita.

"Ndipatseni mpaka mawa."

Anapita kugombe kwa che Bwanausi, msodzi wachisilamu amene anapulumuka nkhondo yonse akubisala m'bango, munthu wodziwa njuchi. Iwo anabwera ndi mng'oma wa khungwa ndi zitsononkho zofuka. Pakhomo la kapela anavula nsapato. Anafukiza utsi pang'onopang'ono, osalola lawi, mpaka njuchi zinafatsa, ndipo anazisamutsira mumng'oma n'kukaupachika mumtengo wa mango kuseri. Zisa zimene zinatuluka m'kabatimo zinadzaza mabeseni. Anthu amene tinabwera ndi njala kuchokera kumsasa tinanyambita uchi, ana ndi akulu omwe, ena misozi ikutsika. Ambiri a ife timakhulupirira mpaka lero kuti Mulungu ankatisungira chakudya pansi pa guwa lake zaka zonse tinali kutali.

"Uchi ndi wa onse," anatero che Bwanausi. "Koma sera, achemwali, ndi wanu. Mukanawalola kutentha, bwenzi atada ndi mwaye, wosathandiza kanthu."

Amayi Violeta anatsuka zisazo ndi madzi a mvula mpaka kukoma konse kutachoka. Anakhazika kapoto ka sera m'kati mwa mphika wa madzi otentha, chifukwa sera wokhala pamoto yekha amapserera, ndipo amatha kubuka lawi. Anasefa ndi nsalu kawiri. Chingwe anachiluka ndi ulusi wa thonje, n'kuyamba achiviika mu sera kuti chiume chowongoka. Zikombole zinali nsungwi zong'ambidwa pakati n'kumangidwanso ndi luzi. Pamene apadiri anafika kudzachita Misa yoyamba ya mtendere, pa guwa panali makandulo achikasu, ndipo kapela yonse inamveka uchi.

Koma kandulo imodzi, vela monga timanenera kuno, yonenepa ndi yowongoka kuposa zonse, sinafike pa guwa. Anaikulunga m'malaya akale a amuna awo n'kuiika pansi pa bokosi. Inali ya ubatizo wa Augusto. Kuno kwathu kandulo ya ubatizo munthu sadzigulira, kaya akhale wolemera chotani. Amapatsidwa ndi womuimira, ndipo amaisunga moyo wake wonse kuti idzayakenso pambali pake tsiku lotsirizika.

Pa tsiku lokumbukira akufa onse, mwezi wa Novembala, banja lililonse linayatsa makandulo n'kutchula mayina a amene nkhondo inawadya. Amayi Violeta anayatsira Eugénio ndi makanda awo awiri. Alamu awo, achimwene a malemuwo, anawanong'oneza.

"Mlamu, anyamata obwera anabwera kale. Yatsani ya mwanayo, mzimu wake upume."

"Manda ake munawaona, alamu?" anayankha iwo modekha. "Vela imene ndili nayo ndi ya ubatizo. Ya akufa sindinamuumbire."

Chaka ndi chaka anali mawu omwewo. Tinkawamvera chisoni, ndipo tinene zoona, ena tinkawanena kuti ndi aliuma.

Makandulo ndiwo anawadyetsa ndi kuwaveka. Ming'oma ya che Bwanausi inachuluka, ndipo sera sanasowenso. Masiku obwera sitima, amayi Violeta ankakwera njinga ya mnansi kusanatenthe, kupita kumsika wa Entre Lagos, makandulo atakulungidwa m'masamba a nthochi ndi kufunditsidwa nsalu yonyowa, poti dzuwa la Okutobala limapinda kandulo isanafike kwa wogula. Pamsika ankakhala pamthunzi n'kuyatsa imodzi, fungo liziitana lokha anthu. Asilamu ankagula mwezi wa Ramazani, Akhristu pa Pasaka, ndipo makolo ankagulira ana awo olemba mayeso. Zotsalira m'poto sankataya. Ankazisungunula pamodzi ndi masamba a mpungabwi, n'kusefa, n'kuthira m'zotsekera za mabotolo. Timibulu timeneto munthu amaika pa chivindikiro cha chitini pamwamba pa makala ozirala, ndipo tikasungunuka fungo lake limadzaza nyumba, udzudzu n'kusowa pokhala. Atsikana amene lero amagulitsa zotere m'tauni ndi mayina achizungu asatinyadire, ife tinazimva kalekale pakhonde la amayi Violeta.

Pakhonde limenelo amasiye ambiri anaphunzira ntchitoyi osalipira kanthu, ndipo mawu awo akadali m'makutu mwathu. "Chingwe chikanenepa, vela imafuka utsi," ankatero. "Chikaonda, imamira m'misozi yake." Wothira mopupuluma ankamugwira dzanja: "Pang'onopang'ono, mwanawe. Ukaona pakati patsika, wonjezera. Apo ayi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Sankalola kuziziritsa kandulo m'madzi, chifukwa imang'aluka. Wosakaniza sera wa njuchi ndi wa kusitolo ankamulamula kuti amuuze wogula. Ndipo pa poto aliyense ankayamba ayatsa imodzi kunyumba, n'kuiyang'anira mpaka ithe. "Munthu wagula kuwala," ankatero, "asakapeze mdima kwawo chifukwa cha iwe."

Ndiye kunabwera Vitorino. Anali mwamuna wa msinkhu wa Augusto, wosenza matumba pasiteshoni, mmodzi wa amene anatula mfuti mtendere utabwera. Kwawo sankakudziwa bwino, chifukwa anatengedwa ali wamng'ono kwambiri. Anthu ankamupatuka panjira. Tsiku lina pamsika anaima nthawi yaitali akuyang'ana kandulo yoyaka ija, osagula. Amayi Violeta anamufunsa, ndipo kanali kamodzi kokhako, ngati kutchire anakumanako ndi mnyamata wa mpata kumano wotchedwa Augusto. Iye anapukusa mutu, maso ali pansi.

"Tinali ambiri, amayi. Ndipo mayina ankatisintha."

"Manja akowo akunjenjemera," anatero iwo. "Ubwere kwathu. Sera amaphunzitsa kudekha."

Akhristu tinang'ung'udza. Ena ankati mwina ndi yemweyu anayatsa denga la kapela. Mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe timawadziwa tonse, koma ambiri timawadziwa ndi pakamwa pokha. Vitorino anatayira sera pansi miyezi ingapo, amayi Violeta n'kumangopala ndi kusungunulanso, mpaka manja ake anakhazikika. Kenaka analowa maphunziro a ubatizo. Tsiku litayandikira, anzake onse anali ndi owaimira, iye yekha ayi. Anafika pakhonde masana, chipewa chili m'manja.

"Amayi, mungakhale madirinya anga, mundiimire pa ubatizo? Ndilibe wina. Mayi anga enieni nkhope yawo inandithawa. Ndimangokumbukira kuti anandituma nkhuni, n'kunena kuti ndifulumire."

Amayi Violeta anayang'ana njira ya kunyanja. Kenaka anavomera ndi mutu.

Dengu lawo linali lodzaza makandulo atsopano, ndipo aliyense ankayembekeza kuti atengapo imodzi. Lamulungu mmawa analowa m'kapela atanyamula malaya akale aja. Amene anawazindikira malayawo anagwira pakamwa. Alamu awo anawagwira mkono.

"Mlamu, ndiye mwavomera kuti mwana anapita?"

"Sindinavomere kanthu," anayankha. "Kwinakwake kuli mayi amene akudikirabe nkhuni zake. Ine ndimupatse uyu yanga. Ngati Augusto ali moyo, kumene aliko Mulungu amupezere mayi womupatsa yake."

Kanduloyo inali itayera ndi ukalamba. Anaipukuta ndi nsalu, chikasu chake n'kubwerera. Madzi atathiridwa, anaiyatsa ku kandulo ya Pasaka n'kuiika m'manja mwa Vitorino. Tsiku limenelo manja onjenjemera anali awo, a Vitorino ndiwo anagwira zolimba. Lawi linaima lowongoka, lopanda utsi, ndipo fungo la sera wa pansi pa guwa linabwerera m'nyumba imene linachokera. Nyimbo inatikanika. Tinaima tili ndi mantha ndi manyazi pamodzi, podziwa kuti taona mayi akupereka nsembe chinthu chokhacho chimene chinamutsalira.

Augusto sanabwere. Amayi Violeta anakhalabe ndi moyo zaka zambiri, ndipo pa tsiku la akufa sanamutchulepo, koma pa Misa iliyonse ankamupempherera pakati pa apaulendo. Vitorino anakwatira n'kumanga pafupi nawo, ana ake n'kumawatcha agogo. Che Bwanausi atamwalira, ming'oma inatsala m'manja mwa Vitorino, ndipo pa maliro awo amayi Violeta anakhala ndi amayi achisilamu mpaka sadaka. Maso atachita khungu ankakhalabe pakhonde, ndipo sera akayamba kupserera ankamva ndi mphuno wophika asanaone. Rozari sinkachoka m'manja mwawo, mikanda yake yonse itasalala ndi sera.

Mwezi wathawu anafooka popanda kudwala kwenikweni. Iwo atalandira masakramenti, masana a Lachinayi, Vitorino analowa m'chipinda atanyamula malaya akale aja.

"Amayi, ndabwera nayo ija."

"Imeneyo ndi ya tsiku lako, mwananga."

"Munaiumbira Augusto," anatero iye, atagwada pambali pa mphasa. "Ngati ali kumeneko, akuzindikireni nayo msanga."

Iwo anamwetulira. Anapapasa kanduloyo kuchokera pansi mpaka pamwamba, zala zawo n'kuima pa chingwe.

"Udule pang'ono," ananong'ona. "Ingafuke utsi."

Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza. Vitorino anadula chingwe, anayatsa, n'kuwagwiritsa kanduloyo, dzanja lake lili pamwamba pa lawo. Tinayamba Tikuoneni Maria, ndipo tisanafike patali iwo anali atagona. Vitorino anadikira kanthawi, anazimitsa lawi ndi zala, n'kukulunganso kachidutswa kotsalako m'malaya muja.

Amayi Violeta sanasiye nyumba ya malata. Anasiya amasiye odzidyetsa okha, ming'oma kuseri kwa kapela, ndi mwamuna mmodzi amene tonse tinkamupatuka, amene lero ndiye amaumba makandulo a pa guwa lathu. Mukalowa Lamulungu lino n'kumva fungo la uchi, muwapempherere kuti ause mumtendere, ndipo mumupemphererenso Augusto, kaya ali mbali iti.