Ndinati ndilibe mwana

Chaka chimene ndinamaliza koleji ndinabwerera kwathu ku Vubwi ndi setifiketi ya zaulimi m'chikwama, mimba ili ndi miyezi inayi. Bambo a mwanayo anapita ku Lusaka kukasaka ntchito, ndipo foni yawo inasiya kulowa mwana asanabadwe. Ndinayamba kusinja chiponde mumtondo n'kumagulitsa m'timabotolo kwa aphunzitsi. Chinkatha msanga, koma manja awiri ali ndi polekezera. Ndinkafuna makina.

Mnzanga wa kukoleji anandiuza za bambo ena achikulire a sitolo ku Katete, Asilamu, amene ankaika ndalama m'mabizinesi a achinyamata pamodzi ndi alamu awo a ku Sinda, ogula nshawa. Anandichenjeza kuti mtsikana amene anamuthandiza poyamba anasiya ntchito atabereka, choncho za mwana ndisatchule.

Wanga anali ndi miyezi isanu, woyamwa, ndipo womusiyira ndinalibe. Ndinamubereka ulendo wonse. Pamsika wa Katete ndinamutsitsa n'kumupereka kwa mayi ena ogulitsa tomato amene sindinkawadziwa n'komwe. Ndinawauza kuti ndikupita kuchimbudzi.

Ndinakambirana ndi bambo aja ndi alamu awo kuseri kwa sitolo, pakati pa matumba a shuga. Analawa chiponde changa ndi supuni, alamu aja n'kuti mchere wachepa. Anati agula makina, awaike pomwepo poti pali magetsi, phindu ligawidwe patatu, iwo atenge magawo awiri. Ndinakana. Ndinati tigawane pakati, chifukwa kusankha nshawa imodziimodzi, kutaya zachuku, ndi ntchito imene makina sangaigwire. Tinakokanakokana mpaka anavomera, bola ndizipezeka masiku asanu ndi limodzi pa sabata, m'mawa mpaka madzulo.

Kenako bambo achikulire aja anafunsa mofatsa: "Nanga kunyumba kuli ndani, mwanawe? Muli ndi mwana?"

"Ndilibe."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ndiye chimene chimandiopsa mpaka lero. Nthawi yomweyo mabere anayamba kukha. Ndinaphimba chifuwa ndi envelopu ya setifiketi, n'kumangogwedeza mutu iwo akunena kuti ndidzabwere Lachisanu akatuluka mumzikiti, tidzasaine.

Mayi a tomato ndinawapeza akumuyendetsa mwana wanga paphewa. "Chimbudzi chanucho n'cha ku Chipata?" anatero. Mwana anali atalira mpaka mawu kusasa. Ndinakhala pa dengu lovundikira n'kumuyamwitsa, dzanja langa likungobwerera pamphumi pake kufuna kumva ngati thupi latentha. Kwathu mayi sakana mwana wake ali moyo, amati ukumuitanira zoipa. Kukoleji tinkaziseka zimenezi. Pamsika paja sizinandiseketse.

M'tauni monsemo ndinalibe wina womuuza, ndiye ndinawauza mayi a tomatowo. Sanandikalipire. Anapanga kamulu ka tomato, n'kunena osandiyang'ana kuti mawu amabwezedwa pamene anatulukira.

Ndinabwerera kusitolo mwana ali kumsana, n'kuwauza kuti ndi wanga. Alamu aja anaseka pang'ono, n'kunena kuti wonama za mwana wake sangalephere kunama za nshawa. Ndinafuna kuwayankha kuti wodya chiponde changa woyamba adzakhala yemweyu. Bambo achikulire anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Anagula timabotolo tiwiri timene ndinatsala nato, anati aganiza, adzaimba.

Lachisanu lija ndinatchajitsa foni kugolosale m'mamawa, n'kukhala nayo pamiyendo tsiku lonse. Sinalire. Nambala yawo sindinaifufute.

Ndikusinjabe mumtondo. Mwana akuyenda tsopano, amagwira mtondo ndikamasinja, n'kumanyambita chala changa. Sanadwalepo matenda aakulu. Komabe akangotsokomola ndimaponya munsi pansi, n'kumunong'oneza kuti ndi wanga, kuti ndili naye, ngati pali wina amene akanali kufunsa.